Mowa, Mpingo ndi Ndale: Dotolo Robert Laws ndi Cholowa cha Livingstonia Kumpoto kwa Malawi

Mawu Oyamba

Mu mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Livingstonia, umene likulu lake lili mumzinda wa Mzuzu, Mkhristu wodya mgonero saloledwa kumwa, kufulula kapena kugulitsa mowa. Wopezeka akuchita zimenezi amaitanidwa kubwalo la akulu a mpingo ndipo akhoza kuimitsidwa. Anthu ambiri amaliona lamuloli ngati nkhani ya chipembedzo basi, yoyambira pa guwa ndi kuthera pa guwa pomwepo. Koma tikalondola mbiri yake tipeza kuti lidabwera limodzi ndi sukulu, msonkho, boma la atsamunda ndiponso mabungwe oyamba a ndale a anthu akuda m'dziko muno.

M'nkhani ino ndifotokoza za Dotolo Robert Laws, mmishoni wa ku Scotland amene adatsogolera mishoni ya Livingstonia kwa zaka pafupifupi 50. Ndiyamba ndi kumene maganizo odana ndi mowa adachokera, kenaka ndiona mmene mishoni idapezera mowa m'midzi yathu, ntchito ya Laws pa ndale, anthu amene adamutsutsa, ndiponso zimene zidatsala m'chiyankhulo ndi m'moyo wathu lero. Mfundo yanga ndi yakuti kwa Laws kuletsa mowa ndi kukonzekeretsa munthu wakuda kuti adzadziyankhulire pamaso pa boma idali ntchito imodzi. Ubwino wa cholowa chake ndi zilema zake zonse zidatuluka pa tsinde limeneli.

Kumene Maganizowa Adachokera

Robert Laws adabadwira mumzinda wa Aberdeen m'chaka cha 1851. Bambo ake adali kalipentala wopanga mipando ndi makabati, ndipo iye mwini adaphunzira ntchito yomweyo asadapite ku yunivesite kukaphunzira zaubusa ndi zaudotolo. Nthawi imene ankakula, dziko la Scotland lidali pa mkangano waukulu wa mowa. Anthu ankachoka m'midzi kukagwira ntchito m'mafakitale a m'mizinda ngati Glasgow, malipiro adali ochepa, nyumba zidali zothithikana, ndipo mowa waukali udali wotsika mtengo. Mabanja ambiri adasweka chifukwa cha uchidakwa.

M'chaka cha 1829 John Dunlop adayambitsa mabungwe olimbana ndi uchidakwa m'dera la Greenock ndi Glasgow. Poyamba ankangoletsa mowa waukali, koma posakhalitsa kudadzuka ena onena kuti mankhwala ake ndi kusiyiratu mowa wamtundu uliwonse. Bungwe la Scottish Temperance League lidakhazikitsidwa mu 1844. Anthuwa sadalekere pa kulalikira. Adalowa ndale, nakakamiza aphungu, mpaka mu 1853 padatuluka lamulo lotseka malo omwera mowa tsiku la Sabata m'dziko lonse la Scotland. Mu 1913 padatulukanso lamulo lina lopatsa anthu a dera mphamvu yovota ngati akufuna kuti m'dera mwawo muzigulitsidwa mowa kapena ayi.

Apa tikuphunzirapo chinthu chofunika. M'mipingo imene idatuma Laws, kusamwa mowa kudali chizindikiro cha munthu wosauka amene wadzikweza yekha: wosunga ndalama, wowerenga mabuku, wofika pamsonkhano nthawi yake, woyenera kuvota. Laws asadabwere ku Africa adagwirako ntchito yaumishoni pakati pa osauka ndi odwala a mu Glasgow, choncho mavuto amenewa adawaona ndi maso ake. Chithunzi cha munthu wosaledzera amene angathe kudzilamulira ndicho adabwera nacho kunyanja.

Mowa Umene Mishoni Idaupeza

Gulu loyamba la amishoni a Livingstonia, lotsogoleredwa ndi E. D. Young, lidalowa m'nyanja ya Malawi pa sitima ya Ilala pa 12 Okotobala 1875 ndi kumanga ku Cape Maclear. Chifukwa cha malungo mishoni idasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Laws adakhazikitsa sukulu yaikulu pa phiri la Khondowe, imene idadzatchedwa Overtoun Institution. Pakati pa zaka zimenezi padatsegulidwanso Njuyu mu 1882 ndi Ekwendeni mu 1889, pakati pa Angoni a M'mbelwa.

Mowa umene amishoniwa adaupeza sudali wofanana ndi umene adausiya ku Glasgow. Udali wamasese, wofululidwa ndi amayi kuchokera ku chimera cha mawere, mapira kapena chimanga, ndipo udali ndi ntchito zake zodziwika. Munthu akafuna kuti anzake amuthandize kulima ankaitana dima, ndipo malipiro a olimawo udali mowa. Pokumbukira wakufa pankakhala mowa. Popempha mvula kapena popepesa mizimu ya makolo ankathira nsembe ya mowa. Mfumu inkaonetsa ukulu wake mwa kuchereza anthu ndi mbiya zambiri, ndipo milandu yambiri inkatha anthu akumwera chipanda chimodzi. Mowa wamasese udalinso chakudya, popeza munthu ankatha kugwira ntchito tsiku lonse atangomwa umenewo.

Izi sizikutanthauza kuti kudalibe vuto. Ndewu zapamowa, kuvulazana ndi kutha kwa chimanga m'nkhokwe nthawi yokolola itangodutsa ndi zinthu zimene anthu a m'midzi ankazidandaula okha, ndipo dotolo ngati Laws ndiye ankasoka mabala ake. Kudalinso mantha a mowa waukali wochokera kunja. M'chigwa cha Zambezi, momwe amishoni ankadzera, Apwitikizi adali atazolowetsa kale anthu mowa wotcheza. Ndi chifukwa chake amalonda a ku Glasgow amene adayambitsa kampani ya African Lakes mu 1878, imene ambiri timaidziwa kuti Mandala, adafuna kuti kunyanja kukhale malonda opanda ukapolo ndiponso opanda mowa waukali. Mu 1890 mayiko a ku Ulaya adasainirana pangano ku Brussels loletsa kulowetsa mowa waukali m'madera a pakati pa Africa kumene malondawo adali asadazike mizu, ndipo dziko lathu lidali m'chigawo chimenecho.

Mpingo wa Livingstonia udapitirira pamenepo. Sudalekere pa kachasu ndi mowa wa m'mabotolo, koma udaika lamulo lakuti wofuna ubatizo asiye ngakhale mowa wamasese, pamodzi ndi mitala ndi magule ena. Munthu ankakhala zaka zingapo m'kalasi akuyesedwa asadabatizidwe. Akulu a mpingo achikuda ndiwo ankasunga lamuloli m'midzi, ndipo ambiri mwa iwo adalikonda ndi mtima wonse.

Mtengo wa Lamuloli

Lamulo lililonse lili ndi amene amalilipira. Mlimi wachikhristu amene adasiya kufulula adapezeka kuti alibe choitanira dima, ndipo adayenera kulima yekha ndi banja lake kapena kufuna ndalama zolipira aganyu. Mkhristu wokana chipanda pamaliro a mbale wake ankaoneka ngati wadzipatula pamtundu. Mfumu yobatizidwa idataya njira imodzi yokokera anthu kubwalo kwake, ndipo mphamvu zina zidayamba kuchoka kwa mfumu ndi akuluakulu a mudzi kupita kwa mphunzitsi ndi mkulu wa mpingo.

Amene adalipira kwambiri ndi amayi. Boma la atsamunda litayamba kutolera msonkho wa nyumba, amuna ambiri a kumpoto adapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni, ena osabweranso. Mayi wotsala ndi ana adali ndi njira zochepa zopezera ndalama, ndipo yapafupi idali kufulula. Pamenepa mayiyo adaima pakati pa malamulo awiri: boma likufuna ndalama ya msonkho, mpingo ukuletsa ntchito yokhayo imene ikadabweretsa ndalamayo. Amene ankakhala pabwalo la mpingo kuweruza milandu yotere nthawi imeneyo adali amuna, ambiri mwa iwo olandira malipiro a uphunzitsi kapena a ukalaliki. Ndikuona kuti amene amayamika lamuloli popanda kutchula amayi amenewa amakamba theka la nkhani.

Laws pa Ndale

Laws sadaimepo pa chisankho, popeza nthawi yake m'dziko muno mudalibe zisankho. Komabe moyo wake wonse udali wa ndale. Mishoni idafika zaka 16 boma la Britain lisadakhazikitse ulamuliro wake mu 1891, ndipo m'zaka zimenezo mmishoni ndiye adali kazembe, mkhalapakati, nthawi zina ngakhale woweruza. Laws adakumana ndi Inkosi M'mbelwa mu 1879. Mu 1887, pamene kudali mantha akuti Angoni athira nkhondo Atonga a kunyanja pamodzi ndi mishoni ya Bandawe, adakwera mapiri kukakambirana ndi mafumu a Angoni, ndipo nkhondoyo siidachitike. Njira ya zokambirana zimenezi idalambulidwa ndi William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, amene chiyankhulo chake chidali pafupi ndi Chingoni. Koyi adamwalira mu 1886. Mu 1904 Angoni a kumpoto adalowa mu ulamuliro wa Britain popanda kuwomba mfuti, pamsonkhano umene bwanamkubwa Alfred Sharpe adachita ndi mafumu ku Ekwendeni, amishoni a Livingstonia atathandiza kukonza njira.

Dziko litatchedwa Nyasaland mu 1907, padakhazikitsidwa Nyumba ya Malamulo ya atsamunda. M'nyumbayi mudalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Bwanamkubwa ankasankha mmishoni mmodzi kuti aziyankhulira anthu akuda. Woyamba adali Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, ndipo Laws adakhala pampandowo zaka zingapo za m'ma 1910. Mayeso ake aakulu adafika mu 1915. John Chilembwe ataukira atsamunda pa 23 Januwale chaka chimenecho, azungu a m'minda adaloza chala sukulu za mishoni kuti ndizo zikupereka mwano kwa anthu akuda. Alexander Livingstone Bruce, mwini minda ya Magomero, adapempha Nyumba ya Malamulo kuti sukulu zonse zoyendetsedwa ndi aphunzitsi achikuda zitsekedwe. Zikadatero, ntchito yonse ya Livingstonia ikadafa, chifukwa sukulu zake za m'midzi zidali m'manja mwa aphunzitsi achikuda. Laws ndi amishoni anzake a ku Scotland adatsutsa, ndipo sukuluzo zidapulumuka. Chilembwe naye ankaphunzitsa anthu ake ku Mbombwe kusamwa mowa, ukhondo ndi kuvala bwino, kutanthauza kuti maganizo akuti kudziletsa ndi chida cha ufulu sadali a azungu okha.

Ntchito ya Laws imene idabala zipatso zambiri pa ndale idachitikira kunja kwa Nyumba ya Malamulo. Iye adalimbikitsa anthu ophunzira a kumpoto kuti akhale ndi mabungwe awo okambirana za dziko ndi kutumiza madandaulo awo ku boma. Mu 1912 padabadwa North Nyasa Native Association, ndipo Levi Mumba adali mlembi wake. Mu 1914 padabadwa West Nyasa Native Association kwa Atonga, ndipo mu 1920 padabadwa Mombera Native Association kwa Angoni. Mamembala ake ambiri adali aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi akulu a mpingo ophunzira ku Khondowe. Ankasankha wapampando ndi mlembi, kulemba zokambirana, kuvota, ndi kutumiza makalata kwa bwanamkubwa onena za sukulu, msonkho, malo ndi nkhanza za ntchito yokakamiza. Luso limeneli adaliphunzirira m'mabwalo a mpingo, momwe milandu yambiri idali ya mowa ndi ya ukwati.

Apa ndi pamene pakumanira mbali ziwiri za ntchito ya Laws. Atsamunda ankati munthu wakuda sangathe kudzilamulira. Yankho la Laws lidali kutulutsa anthu amene mtsamunda sakadawapezera chifukwa: odziwa Chingerezi, odziwa ntchito zamanja, osunga nthawi, osanunkha mowa. Mu 1944 mabungwe amenewa ndi ena a m'zigawo zina adaphatikizana kukhala Nyasaland African Congress, ndipo Levi Mumba adasankhidwa kukhala mtsogoleri wake woyamba. Anthu akuda adayamba kukhala m'Nyumba ya Malamulo mu 1949, Laws atamwalira kale.

Tikayerekeza ndi Mfumu Khama III ya Abamangwato ku Botswana, amene adakhala nthawi imodzi ndi Laws, tiona kusiyana kwa njira. Khama adali mfumu, choncho adaletsa mowa ndi lamulo la dziko, ndipo adathamangitsa amalonda achizungu amene ankaumirira kugulitsa mowa waukali. Mu 1895 adapita ku Britain pamodzi ndi mafumu anzake Sebele ndi Bathoen kukakana kuti dziko lawo liperekedwe kwa kampani ya Cecil Rhodes, ndipo mabungwe odana ndi mowa a kumeneko adali m'gulu la amene adawathandiza kwambiri. Khama adagwiritsa ntchito mbiri yake ya kusamwa ngati chida chotetezera dziko. Laws adalibe dziko loti alamule, ndipo lamulo lake lidagwira okhawo olowa mpingo. Koma popeza mpingowo ndiwo udali ndi sukulu, ndipo sukulu ndiyo idali khomo la ntchito, lamulo la mpingo lidakhala ndi mphamvu ngati la boma.

Amene Adatsutsa

Vuto la njira ya Laws lidali lakuti woyesa ngati munthu wakuda wakhwima adali mzungu yemweyo. Mishoni idayamba mu 1875, Mkhristu woyamba, Albert Namalambe, adabatizidwa mu 1881, koma abusa oyamba achikuda adadzozedwa mu 1914. Amenewa adali Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya. Ophunzira ena adatopa ndi kudikira. Charles Domingo, amene Laws adamulera ngati mwana wake, adamaliza maphunziro a zaubusa koma sadadzozedwe, ndipo adachoka. Elliot Kamwana adabwerera kwawo ku Nkhata Bay mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, nabatiza anthu zikwizikwi m'miyezi yochepa. Ambiri mwa iwo adali anthu amene adakhala zaka m'makalasi a mishoni akudikira ubatizo. Boma lidamuthamangitsa mu 1909.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 padabadwa mpingo wa African National Church, umene udalandira anthu amitala. Mu 1933 Mbusa Mwasi mwini adachoka ku Livingstonia nayambitsa mpingo wake, ndipo Charles Chinula adayambitsa wake chaka chotsatira. Sikuti onsewa ankamenyera mowa, ndipo ena mwa iwo adali okhwimitsa malamulo kuposa amishoni. Chimene ankafunsa chidali chakuti: kodi amene ali ndi mphamvu yonena kuti mwambo uwu ndi tchimo, uwu si tchimo, ndani? Funso limeneli ndi la ndale, ndipo amene adawaphunzitsa kulifunsa ndi Laws yemweyo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi: wophunzira wina wa ku Khondowe, Clements Kadalie, adakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, limene lidagwedeza dziko la South Africa.

Zimene Chiyankhulo Chidasunga

Monga wophunzira za ziyankhulo, ndimaona kuti mbiri imeneyi idasiya mapazi ake m'mawu amene timayankhula. Laws mwini adali munthu wa mawu. Adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja, chimene chidasindikizidwa mu 1886, ndipo mu 1894 adatulutsa buku lotanthauzira mawu a Chingerezi m'Chinyanja. Womasulira aliyense wa nthawi imeneyo adakumana ndi funso la mawu a zakumwa.

Choyamba, taonani mawu akuti kachasu ndi vinyo. Onse awiri ndi obwereka ku Chipwitikizi: kachasu adachokera ku cachaça, vinyo ku vinho. Izi zikuchitira umboni kuti luso la kutcheza lidalowa kudzera m'chigwa cha Zambezi, pamene mowa, chimera, masese ndi kufulula ndi mawu athu akale. Chiyankhulo chimasiyanitsanso ntchito zake: mowa amafulula, kachasu amatcheza. Mpingo udaika zonsezi m'dengu limodzi, koma pakamwa pa anthu zidakhalabe zosiyana.

Chachiwiri, Baibulo la Chinyanja lidagwiritsa ntchito liwu lobwereka lakuti vinyo pa chakumwa cha paukwati wa ku Kana. Zotsatira zake ndi zakuti m'khutu la Mkhristu wa kuno vinyo ndi chakumwa cha m'Malemba, chakutali ndi chaulemu, pamene mowa ndi wa m'mudzi, wa kuseri kwa nyumba. Mtsutso wakuti kodi Yesu adapanga mowa kapena ayi, umene umamveka mpaka lero m'maminibasi ndi m'makalasi, gawo lina ndi mtsutso wa kamasuliridwe ka mawu.

Chachitatu, lamulo la mpingo lidaima pa malire amene chiyankhulo chidaika kale. M'Chichewa tili ndi thobwa ndi mowa, m'Chitumbuka muli chindongwa ndi phere. Zonse zimayamba ndi phala ndi chimera, ndipo chosiyanitsa ndi masiku amene chakumwacho chakhala chikuwira. Thobwa kapena chindongwa Mkhristu amamwa momasuka, ndipo ndicho chidalowa m'malo mwa mowa paukwati, pamaliro ndi pantchito za mpingo. Koma palibe amene angaloze ola lenileni limene thobwa limasanduka mowa. Ndi chifukwa chake mawu akuti thobwa logona kapena thobwa lowawasa amanenedwa ndi kamseko. Malire a tchimo adakhala m'lilime la womwayo.

Liwu lina ndi Umanyano, dzina la bungwe la amayi mu Sinodi ya Livingstonia. Liwuli ndi la Chixhosa, lotanthauza umodzi, ndipo limatikumbutsa za ubale wa Livingstonia ndi mipingo ya ku South Africa, kumene William Koyi ndi anzake adachokera. Amayi, amene poyamba adali ozengedwa milandu ya kufulula, ndiwo lero ali patsogolo kuyendera mabanja ovutika ndi uchidakwa.

Cholowa Chake Lero

Laws adakhala wapampando woyamba wa CCAP pamene Livingstonia ndi Blantyre zidaphatikizana mu 1924. Adachoka m'dziko muno mu 1927 ndipo adamwalira ku London mu 1934. Loto lake lakuti ku Khondowe kukhale yunivesite lidakanika ali moyo, koma lidakwaniritsidwa mu 2003 pamene Sinodi idatsegula University of Livingstonia. Ku Embangweni kuli sukulu ya sekondale yodziwika ndi dzina lake.

Chithunzi cha mtsogoleri wosamwa chidafika patali. David Kaunda, wophunzira wa ku Livingstonia, adatumidwa kukalalikira ku Chinsali m'dziko la Zambia, ndipo mwana wake Kenneth Kaunda, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, adadziwika moyo wake wonse kuti sankamwa mowa ndipo ankadzudzula uchidakwa poyera. Ku Botswana, Ian Khama, wa m'banja la Khama III, adaika msonkho wa 30 peresenti pa mowa mu 2008 atangokhala mtsogoleri wa dziko.

Kuno kwathu boma lidatenga njira ina. Kwa zaka zambiri za utsamunda malamulo ankaletsa munthu wakuda kugula mowa wachizungu, ndipo anthu adaliona lamulolo ngati tsankho, osati chitetezo. Titalandira ufulu mu 1964, mowa wa m'botolo udakhala chizindikiro cha kutukuka, ndipo mu 1968 kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale yake ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Boma lidapeza msonkho, anthu adapeza ntchito, ndipo kuletsa kudatsala m'manja mwa mipingo. Boma lidadzidzimuka pamene mowa waukali wa m'masacheti udafika m'matumba a ana asukulu chifukwa cha kutsika mtengo kwake. Lidauletsa m'zaka za m'ma 2010, ndipo mu 2017 lidakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Mowa wa m'masachetiwo ndiwo udafanana kwambiri ndi umene udasautsa Glasgow m'masiku a Laws: waukali, wotchipa, wopangidwa m'fakitale, wopanda dima kapena nsembe yoti uimire.

Kuno ku Nkhorongo, m'mbali mwa msewu wopita ku Ekwendeni, mbali zonse za mbiriyi zimaoneka pamodzi. Pali matchalitchi odzaza tsiku la Sabata, pali malo omwera amene amayamba kulandira anthu dzuwa lisadalowe, ndipo pali amayi amene ndalama ya fizi ya ana awo imachokera m'mbiya. Mayi wotere akaimitsidwa mu mpingo, funso lake ndi lomwe lija la m'masiku a msonkho wa nyumba: ndisiye, nanga ana adya chiyani? Ndipo mkazi amene mwamuna wake wamwera malipiro onse a mwezi ali ndi funso lake, limene Laws akadalimvetsa msanga.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino ndaonetsa kuti lamulo la mowa la Livingstonia lidachokera m'mabungwe a ku Scotland amene adali kale ndi mwendo umodzi m'tchalitchi, wina mu ndale. Laws adabwera ndi chikhulupiriro chakuti munthu wodziletsa ndi wophunzira sangakanizidwe mawu mpaka kale, ndipo adachitapo kanthu: adakambirana ndi mafumu, adateteza sukulu m'Nyumba ya Malamulo, adalimbikitsa mabungwe amene adadzabala Nyasaland African Congress. Komabe lamulo lomwelo lidagwa molemera pa amayi ndi alimi osauka, lidafooketsa miyambo yothandizana, ndipo lidasiya mphamvu yoweruza m'manja mwa amishoni nthawi yaitali kuposa mmene ophunzira ake akadapiririra.

Phunziro limene ndikutengapo ndi lakuti Laws sadaletse mowa chabe. Pambali pa lamulo adaikapo sukulu, chipatala, ntchito zamanja ndi bwalo loyankhulirapo, ndipo kumene zinthu zimenezi zidafika, lamulo lidagwira popanda chikwapu. Kumene lidafika lokha, lidangobala milandu ndi kumwa mobisa. Mpingo kapena boma limene likufuna kuchepetsa uchidakwa pakati pa achinyamata a Mzuzu lero liyenera kuyamba layankha funso la mayi wofulula ndi la mnyamata wopanda ntchito. Kwa ife ophunzira ziyankhulo, ntchito ilipo yoti tichite: kusonkhanitsa mawu a zakumwa, a kufulula ndi a milandu ya mpingo m'Chichewa, Chitumbuka, Chitonga ndi Chingoni kwa agogo amene akadali moyo, chifukwa mbiri ya amayi ofulula, imene mabuku a amishoni adailemba mochepa, idasungidwa m'mawu amenewo.